Makina Oboola Khutu la Wogontha

Masiku ano munthu wogontha akhoza kumvanso, madotolo atamuikira kacipangizo ka magetsi m'kati mwa khutu, m'malo opotana ngati cigoba ca nkhono. Koma njira yopita kumeneko ndi yoopsa. Ipyola pakati pa mitsempha iwiri: wina ndiwo ugwedeza nkhope, wina ndiwo uthandiza lilime kuzindikira kukoma kwa cakudya. Mpata wace ndi wa mamilimita pafupifupi 2.5 okha. Woboola akaphonya, nkhope ya wodwala ikhoza kufa mbali imodzi.

M'caka ca 2016, pa cipatala ca Inselspital mu mzinda wa Bern ku Switzerland, Dotolo Marco Caversaccio ndi anzace anayamba kupatsa nchitoyi makina ochedwa roboti. Makinawo aboola kabowo ka mamilimita 1.8 m'pfupa la kuseri kwa khutu, ndipo dotolo alowetsamo cipangizoco.

Nanga cicinjiriza wodwala nciani kuti makina asasokere? Alonda alipo atatu. Makamera ayang'anira pamene coboolera cafika. Makina ayesa kulimba kwa pfupa, nafananiza ndi cithunzi ca mutu cojambulidwa kale. Atumizanso magetsi pang'ono, kuti mtsempha wa nkhope ukakhala pafupi udziwike msanga. Pakati pa nchito madotolo aimitsa zonse, najambulanso mutu wa wodwala.

Mwa odwala 9 oyamba, makina anatsiriza kuboola pa anthu 6. Pa 3 otsalawo madotolo anakayika, naleka makina, natsiriza ndi manja ao. Palibe mmodzi yemwe anapuwala nkhope. Cimene cinawasunga ndico cakuti madotolo anadziwa poimira.