Masiku atatu ku Venice, mzinda wa pamadzi

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba pano kuti amene sanabwere nawonso amveko.

Mwandipempha kuti ndifotokozeko za ulendo wanga wa ku Venice, m'dziko la Italy, komwe ndinakhalako masiku atatu m'mwezi wa Julayi. Zithunzi munaziona kale pa gulupu, ndiye sindizibwereza. Lero ndikuuzeni mmene mzindawu unamangidwira, mmene munthu angauonere pa masiku ochepa, komanso chifukwa chake eni ake akusamukamo.

Venice ili pa tizilumba 118 m'kati mwa nyanja yosaya, imene zilumba zamchenga zinaitchinga ku nyanja yaikulu ya Adriatic. Pakati pa tizilumbati pali ngalande zamadzi, ndipo pali milatho yoposa 400 yowolokera. Ukamachokera kumtunda pa sitima kapena pa basi, umadutsa pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4, ndipo pamene watsikirapo ndi pomwe matayala athera. M'katimo mulibe galimoto, ngakhale njinga siloledwa. A kabaza kumeneko bizinesi ingawavute! Ambulansi ndi boti, ozimitsa moto ndi boti, otola zinyalala ndi boti. Ngakhale maliro amanyamulidwa pa boti kupita ku chilumba cha manda chotchedwa San Michele.

Mwina mukufunsa kuti nanga nyumba zamiyala zija zaima pa chiyani, popeza pansi pake ndi matope okhaokha? Anthu akale ankakhoma mitengo yambirimbiri mothithikana m'matopemo, pamwamba pake n'kuyala matabwa, kenako miyala yolimba yochokera ku Istria, n'kuyamba kumanga ndi njerwa. Mtengo ukakwiririka m'matope momwe mulibe mpweya suola msanga, n'chifukwa chake nyumba za zaka mazanamazana zikadalipo. Vuto lina linali la madzi akumwa. Madzi awazungulira mbali zonse, koma ndi amchere. Ndiye pa bwalo lililonse ankakumba chitsime chosungira madzi amvula, amene ankayamba asefeka mumchenga asanafike pansi. Zitsime zimenezi mumaziona mpaka lero pakati pa mabwalo, zili zovundikira.

Tsopano za kayendedwe. Minibasi ya kumeneko ndi boti lotchedwa vaporetto. Nthawi imene ndinapitako, tikiti ya mphindi 75 inali mayuro 9.50, pamene ya tsiku lonse inali mayuro 25. Ukangokwera katatu, ya tsiku lonse yabweza kale ndalama. Gondola, bwato lakuda lija mumaliona m'mafilimu, inali mayuro 90 pa mphindi 30 masana. Musadandaule, aise, pali njira ya ife a matumba opepuka: pali bwato lina lofanana nalo, lotchedwa traghetto, limene limangowolotsa anthu pa ngalande yaikulu pa mayuro 2 basi.

Tsiku loyamba, kwerani vaporetto nambala 1. Imatsata Canal Grande, ngalande yaikulu imene imakhotakhota pakati pa mzinda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4. Mudzadutsa pansi pa mlatho wa Rialto, umene unatha kumangidwa mu 1591, n'kukatsikira pafupi ndi bwalo la San Marco. Pamenepo pali tchalitchi chachikulu cha San Marco ndi nyumba ya Doge, mtsogoleri amene ankachita kusankhidwa pamene Venice inali dziko palokha. Ufulu umenewo unatha mu 1797, Napoleon atafika. Nsanja yaitali ya belu imene ili pabwalopo inagwa mu 1902, n'kumangidwanso chimodzimodzi, ndipo inatsegulidwa mu 1912.

Tsiku lachiwiri, pitani ku zilumba za pafupi. Ku Murano ndi kwa amisiri a magalasi. Mu 1291 boma linalamula kuti ng'anjo zawo zisamukire kumeneko poopa moto mumzinda. Apa pali nkhani imene ikutikhudza: mikanda yagalasi ya ku Venice inkafika mpaka ku Africa kuno, ndipo amalonda ankasinthanitsa ndi minyanga ya njovu, golide, ngakhalenso anthu pa nthawi ya ukapolo. Ndiye mukamasirira mikanda m'mashopu aja, mbiri imeneyi muziikumbukira. Mukachoka pamenepo pitirirani ku Burano, mudzi wa asodzi, kumene nyumba iliyonse inapakidwa penti wa mtundu wakewake.

Tsiku lachitatu, foni ikhale m'thumba, muyende wapansi. Lawirirani ku msika wa nsomba wa pa Rialto, kenako mulowere ku Cannaregio, kumene mudzaona zovala zoyanikidwa pa zingwe, ana akusewera mpira pa bwalo, agogo akukoka ngolo yogulira zinthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo amene angapiteko kumapeto kwa sabata yachitatu ya Julayi adzapeza chikondwerero cha Redentore. Amayala mlatho woyandama kupita ku chilumba cha Giudecca, usiku wa Loweruka n'kuphulitsa makombola, pokumbukira kutha kwa mliri umene unapha anthu ambiri kuyambira 1575 mpaka 1577.

Koma anzanga, mzinda umenewu uli pa mavuto awiri. Loyamba ndi madzi. Nthaka ikutsika pang'onopang'ono pamene nyanja ikukwera. Pa 4 Novembala 1966 madzi anakwera kufika masentimita 194, ndipo pa 12 Novembala 2019 anafika 187, n'kulowa m'nyumba, m'mashopu, ngakhale m'tchalitchi cha San Marco. Boma linamanga zitseko zachitsulo 78 zotchedwa MOSE, zimene zimagona pansi pa madzi, n'kumadzuka kutseka makomo a nyanja madzi akayamba kukwera. Zinateteza mzinda koyamba mu Okutobala 2020. Zikuthandiza ndithu, koma sizingatsekedwe nthawi zonse, chifukwa kulowa ndi kutuluka kwa madzi a m'nyanja ndi kumene kumatsuka ngalande zija.

Vuto lachiwiri ndi ife alendo. Mu 1951 m'kati mwa mzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Pofika 2022 anali atatsika osakwana 50,000. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi n'chosavuta kumva. Mwini nyumba amapeza ndalama zambiri akamagoneka alendo usiku umodziumodzi kusiyana ndi kuchititsa lendi banja kwa chaka. Lendi imakwera, golosale imasanduka shopu ya zikumbutso, banja lachinyamata n'kusamukira kumtunda ku Mestre. Boma layesapo njira zina. Mu 2021 linaletsa sitima zikuluzikulu zapamadzi kudutsa pafupi ndi San Marco, ndipo mu Epulo 2024 anayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo ongobwera tsiku limodzi pa masiku ena odzaza.

Ndiye ngati mwayi utakupezani, kaya wa sukulu, kaya wa ntchito, pitani. Viza ya Schengen muyambe kuikonza nthawi ikadalipo. Mu Julayi, pamene kuno tikufunda mabulangeti, kumeneko kumatentha kwambiri ndipo udzudzu uliko. Tengani botolo, madzi a pa mipopi ya m'mabwalo ndi abwino kumwa, komanso ndi aulere. Koma chachikulu n'choti mukayende ngati mlendo wa pakhomo pa munthu. Tinjira take n'topapatiza, choncho yendani kudzanja lamanja, ndipo musaime pakati pa mlatho n'kumajambula pamene wina kumbuyo kwanu akuthamangira kuntchito. Kukhala pa masitepe a mlatho n'kumadya, kusambira m'ngalande, kudyetsa nkhunda pa San Marco, zonsezi n'zoletsedwa ndipo amalipiritsa chindapusa. Mukafuna chikumbutso, gulani kwa mmisiri amene wachipanga ndi manja ake. Mukalowa mu shopu, yambani ndi moni. Ife tomwe timadziwa mmene zimanyansira mlendo akakuloza ndi kamera asanakupatse moni.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ife timakhalako masiku atatu n'kubwerera, koma pali anthu amene mawa lake ayenera kukagula buledi, kuperekeza mwana kusukulu ndi kulipira lendi mumzinda womwewo. Tiziwakumbukira amenewo.

A tcheyamani, ngati nthawi ilipo, ndingayankheko mafunso awiri kapena atatu.