Kumvera Ndakatulo ya Mvula

Lero tiphunzira mamangidwe a ndakatulo. Aphunzitsi, lembani ndime iyi pa bolodi:

Mitambo yakuta phiri,
Mphepo yanunkhira mvula;
Njiwa zalira kawiri,
Udzu wayamba kukula.

Coyamba, ombani m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse: mi-ta-mbo ya-ku-ta phi-ri. Mwaomba kasanu ndi katatu. Mizere inayo ilinso ndi maphatikizo 8. Muyeso wofananawu ndiwo ucititsa ndime kuyenda bwino pakamwa monga nyimbo ya pamtondo.

Caciwiri, mverani mathero a mizere. "Phiri" agwirizana ndi "kawiri", ndipo "mvula" agwirizana ndi "kukula". Mzere woyamba uyankhidwa ndi wacitatu, waciwiri ndi wacinai. Koma cenjerani. M'Cinyanja mau onse amathera pa a, e, i, o kapena u, conco kufanana kwa lemba lotsiriza lokha sikukwanira. Liu limatalika pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza: mvuu-la, kukuu-la. Kugwirizana kwenikweni kumayambira pamenepo.

Cacitatu, onani dongosolo la maganizo. Mlakatuli ayamba ndi zoona maso, kenaka za mphuno, kenaka za makutu, natsiriza ndi nthaka imene yatsitsimuka.

Tsopano nchito yanu ndi iyi: lembani mizere inai yonena za mtsinje wa kwanu. Aphunzitsi, mwana asataye tanthauzo pofuna kufananitsa mathero. Tsalani bwino.