LUSO LA DOROTHY MASUKA PA CIMBALE CA NYIMBO ZACE ZOYAMBA

Nyimbo za jazi zimamveka kawiri-kawiri m'nyumba za mowa, pamene anthu ali kuceza ndi kuvina, ndipo ambiri sazindikira cimene woyimba ali kucita ndi mau ace. Koma munthu wa ku Chaisa, ku Matero kapena ku migodi amene akhala pansi madzulo ndi kuchera khutu, adzapeza kuti kuyimba ndi nchito ya luso monga kusula khasu kapena kuumba mbiya. Cimbale cimene cisonyeza bwino zimenezi ndi ca Dorothy Masuka, cochedwa Hamba Notsokolo and Other Original Hits from the 50's, m'mene kampani ya Gallo inasonkhanitsa nyimbo zimene iye anayimba akali mtsikana.

Dorothy Masuka anabadwira ku Bulawayo pa 3 September 1935. Atate ace anali a kuno ku Zambia, ndipo amai ace anali Mzulu. Anaphunzira sukulu ya Akatolika ku Johannesburg, ndipo kumeneko kampani ya Troubadour inamva mau ace. M'caka ca 1953 anajambula nyimbo ya Hamba Nontsokolo, imene inamchukitsa asanakwanitse zaka 20. Masiku amenewo amuna ambiri a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anali pa nchito ku Bulawayo, ku Wankie ndi ku migodi ya golide, ndipo pobwerera kwao ena ankanyamula galamafoni ndi mbale zace pamodzi ndi mabulangete. Ndimo m'mene nyimbo za kumwera zinkafikira m'makomboni, kuonjeza pa wailesi ya Lusaka imene anthu ankamvera pa Saucepan Special kuyambira m'caka ca 1949.

Tsono luso lace liri pati? Coyamba ndi kusunga nthawi. Mbale ya galamafoni ya masiku aja inkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inkatha pa mphindi ngati zitatu. Woyimba analibe mpata wozungulira-zungulira. Nyimbo za pa cimbale ici ziri zazifupi, koma iri yonse iyamba msanga, inena nkhani yace, ndi kutha womvera asanakhute.

Caciwiri ndi kubwereza kosatopetsa. Nyimbo zambiri za m'matauni a kumwera zinacokera ku marabi, kayimbidwe kamene oliza zoyimbira angozungulira pa makodi atatu, kubwerera pomwepo nthawi ndi nthawi. Woyimba wopanda luso atopetsa anthu pa maziko otere. Koma Dorothy pobwereza mzere sauyimba monga poyamba: pena alowa mocedwa pang'ono, pena atsogolera ng'oma, pena akoka liu limodzi ndi kulisiya mwadzidzidzi. Umu ndimo m'mene jazi ya ku America, ya anthu onga Ella Fitzgerald, inakumanira ndi mwambo wa kwathu wa wotsogolera nyimbo ndi ovomereza.

Cacitatu ndi cinenero. Oyimba ena a nthawi ija ankatsanzira nyimbo za Cingelezi, koma iye ankapeka zace m'Cindebele ndi m'Cizulu, ndipo ankachula mau momveka, kotero kuti ngakhale Mnyanja wosadziwa Cizulu atha kumva pamene woyimbayo ali kuseka, kudandaula kapena kudzudzula. Cifukwa ca ici oyimba anzace anatenga nyimbo zace. Miriam Makeba anayimba Khawuleza pamaso pa anthu a maiko akutali, nyimbo yonena za ana ocenjeza amai ao pamene apolisi alowa m'komboni. Amai amene anaphikapo mowa mobisa m'makomboni a Lusaka sasowa wowamasulira nkhani imeneyi.

Mau omveka cotere anamdzetsera mabvuto. Boma la South Africa linaletsa nyimbo yace yonena za Dr Malan ndi malamulo ace ouma, ndipo m'caka ca 1961, atayimba za Patrice Lumumba wa ku Congo, njira yobwerera ku Johannesburg inatsekeka. Anakhalako ku Malawi ndi ku Tanzania, ndiponso zaka zambiri ku Zambia, dziko la atate ace. Anabwerera ku Zimbabwe dzikolo litalandira ufulu m'caka ca 1980, ndipo pambuyo pace ku South Africa. Sanaleke kuyimba: cimbale ca Pata Pata cinatuluka m'caka ca 1991, ndipo ca Nginje m'caka ca 2018. Anamwalira ku Johannesburg pa 23 February 2019, ali ndi zaka 83.

Mbale zakale za galamafoni zinkasweka msanga monga mbale za dothi, ndipo zambiri zinatayika. Cimbale conga ici ndico nkhokwe yosungiramo zotsala. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chaisa wofuna kukhala woyimba acita bwino kusankhapo nyimbo imodzi ndi kuimvera katatu: poyamba atsate mau, kaciwiri atsate ng'oma, ndipo kacitatu aone pamene woyimbayo apumira. Akatero adzadziwa kuti kukweza mau si kuyimba, ndi kuti mphindi zitatu zikwanira kwa munthu amene ali ndi conena.