Ana a Mitundu Yosiyana M'kalasi Imodzi

Tipempha mutibwereke makutu pa nkhani ya ana athu a sukulu.

Akuluakulu ali pano akumbukira kuti m'nthawi ya Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, mwana wa Mzungu anali ndi sukulu yake, wa Mmwenye yake, wa munthu wakuda yake, ndipo ndalama zambiri zinali kupita ku masukulu a Azungu. Ufulu utabwera mu 1964, mipanda imeneyo inagwa. Boma la a Kaunda linatumiza aphunzitsi ndi ana a sekondale kutali ndi kwao, kotero kuti pa Munali kapena pa Chizongwe Mcewa anagona cipinda cimodzi ndi Mlozi, nadya m'mbale imodzi ndi Mbemba. Kumeneko ambiri a ife tinaphunzira zosalembedwa m'buku: kuti mnzako wosadya mbewa ali nazo nzeru zake, ndi kuti za Gule Wamkulu zifunika kuzilongosola moleza mtima kwa munthu amene anangomva zoopsa zokhazokha. Mwana wolongosolera mlendo mwambo wa kwao ayamba kuulemekeza iye mwini.

Koma pali mbali ina imene ife Acewa sitiikamba kawirikawiri. Mwa zinenero 7 zimene boma linasankhira masukulu, ca kuno kum'mawa ndi Cinyanja, ndipo Cinyanja ca m'mabuku cili pafupi kwambiri ndi Cicewa cathu. Mwana wa kuno ku Katete awerenga mau amene anawamva akali kumsana kwa amake. Nanga Mtumbuka wa ku Lundazi, Mnsenga wa ku Petauke, Mkunda wa ku Mambwe? Iwo ayamba ndi kumasulira m'mutu. Katundu ameneyu analemera koposa mu 2014, pamene kunalamulidwa kuti ana a Grade 1 mpaka 4 aziphunzira maphunziro ao m'zinenero zimenezi. Mwana wa Cinsenga akanena "lini" anzake namseka, mawa lake sakwezanso dzanja, ndipo mphunzitsi amuyesa mbuli, pamene mwanayo ndiye adziwa zinenero ziwiri.

Cotero tipempha aphunzitsi athu: mwana wotere mumfunse liu la kwao, mulilembe pabolodi pambali pa la Cinyanja, kalasi yonse ilichule. Inunso makolo, mwana wanu akabwera kunyumba akuyeseza kalankhulidwe ka mnzake monyoza, musaseke naye. Mumfunse mau angati a cinenero ca mnzakeyo amene iye awadziwa.