Mwazi wa m'Cikuta: Wabwino ndi Woopsya

Mwana akabadwa pamudzi, nthungululu zimamveka kutali, ndipo anthu amathamangira kukaona khanda. Ambuya ace afunsa ngati likuyamwa, atate ace afunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Koma ndi owerengeka amene amafunsa za mai amene wagona pamphasa pambali pa khandalo. Akuru anati, "Linda madzi apite, ndipo uziti ndadala." Mai amene wangobala kumene akali pakati pa mtsinje kufikira atapita masabata 6.

Mai ali yense amataya mwazi atabala, ndipo kumeneku si kudwala ai. M'miyezi 9 ija mwana anali kudya kupyolera m'nsengwa, imene inamatirira m'kati mwa ciberekero. Nsengwa ikaturuka, pamalo pace pamatsala bala lalikuru monga cikhatho ca dzanja. Bala limeneli palibe angalimange ndi nsaru; ciberekero ndico cimadzifinya cokha, nicitseka mitsempha ya mwazi monga munthu amanga pakamwa pa thumba. Pa tsiku lobala cimalemera ngati kilogalamu 1, ndipo cimamveka colimba pafupi ndi mcombo. Tsiku ndi tsiku cimatsika, kotero kuti pakutha masabata 6 cacepa kufikira magalamu osaposa 100.

Tsono mwazi wabwino uli ndi mayendedwe ace odziwika. Masiku 3 kapena 4 oyamba uli wofiira, wocuruka kuposa wa kumwezi, ndipo nthawi zina umadza ndi timibulu tating'ono. Kucokera pamenepo kufikira ca m'tsiku la 10 umazirala, nukhala wamadzimadzi. Pambuyo pace pamaturuka zoyera kapena zacikasu pang'ono, zimene zimanka zicepa kufikira zitaleka pakati pa sabata la 4 ndi la 6. Mai akamadzuka m'mawa kapena akamayamwitsa, mwazi umaonjezeka kanthawi, ndipo m'mimba mumapota. Kupotako ndi nchito ya ciberekero, pakuti kuyamwa kwa mwana ndiko kumacidzutsa kuti cidzifinye. Nchembere yobala kacitatu kapena kacinai imamva kupota kumeneku koposa mtsikana wa mwana woyamba. Lamulo lace nlosabvuta kukumbukira: mwazi wabwino umacepa masiku akamapita, ndipo maonekedwe ace amanka ayera.

Kuli mau amene amamveka m'midzi, akuti mwazi woipa uyenera kuturuka wonse kuti mai atsukike m'kati. Mau awa ngoopsya, cifukwa amakhazika anthu pansi pa nthawi yoyenera kuthamanga. Madokotala amati mai amene wataya theka la lita, ndiko kuti mamililita 500, m'maola 24 oyamba, wataya mopitirira muyeso. Pamudzi palibe coyesera, koma nsaru imanena zoona. Ngati nsaru imene mai wabvala inyowa yonse ola limodzi lisanathe, ngati mwazi ulowerera citenje ndi mphasa, ngati mibulu ikula monga dzira la nkhuku, kapena mai acita cizungulire ndi thukuta lozizira, pamenepo ciberekero calefuka, mwina kacidutswa ka nsengwa katsalira m'kati. Mai wotere, ngakhale anali wamphamvu, angathe kufa m'maola 2. Ena akamakonza ulendo wa ku cipatala, mwana ayamwe, mai akodze, ndipo mmodzi wa akuru asisite mimba kunsi kwa mcombo kufikira ciberekero citalimba. Izi zimathandiza panjira cabe, ulendo usalephereke.

Zoopsya zina zimadza mocedwa, m'sabata loyamba kapena laciwiri, alendo atabalalika kale. Zoturuka zikayamba kununkha, thupi likatentha ndi kunjenjemera, m'mimba mukawawa kosaleka, kapena mwazi wofiira ukabweranso wambiri utazirala kale, bala lija lalowa tizirombo kapena silikupola. Anthu amafulumira kunena kuti ndi malungo, nagula mankhwala pa sitolo. Koma woyenera kuweruza ndi namwino. Momwemonso mutu wowawa kwambiri pamodzi ndi kusapenya bwino, kapena mwendo umodzi wotupa ndi wowawa, siziyenera kugonetsedwa.

Kupola kumafuna zinthu zosagula ndarama zambiri. Mai asambe kunja kokha ndi madzi oyera ofunda, osati owira, ndipo asalowetse masamba kapena mizu m'njira yobalira. Nsaru azisintha kawirikawiri, nazicapa ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa, pakuti zoyanika m'nyumba cifukwa ca manyazi siziuma bwino. Adye nyemba, nsawa, bonongwe, nkhwani, mazira, ciwindi ndi kapenta, ndipo amwe mankhwala oonjezera mwazi amene anamwino anampatsa. Kuyendayenda pang'ono pabwalo nkwabwino, koma munsi, khasu ndi ndowa ya madzi zikhale za ena, ngakhale nsawa zitakhwima kumunda.

Anthu a ku Lundazi adziwa kutalika kwa njira zao. Kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila kuli midzi imene iri kutali ndi cipatala ca pa boma, ndipo m'dzinja mitsinje imadzaza, njira nizisanduka matope. Mu 2012 Lundazi anali limodzi la maboma 4 a m'Zambia, pamodzi ndi Nyimba, Mansa ndi Kalomo, kumene kunayambira nchito yochedwa Saving Mothers, Giving Life, yolimbikitsa amai kukabalira ku cipatala. Phindu la kubalira kumeneko nlooneka. Mwana akangobadwa, namwino amabaya mai jekeseni ya oxytocin imene imalimbitsa ciberekero, napenyetsetsa nsengwa ngati yaturuka yonse. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mai akhale m'cipatala maola 24 atabala, napimidwenso ca pa tsiku la 3, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata la 6.

Mwa mwambo mwamuna salowa m'cikuta, ndipo nkhani za mwazi zimakhala pakati pa amai okha. Komatu njinga, ngolo ya ng'ombe, foni ndi ndarama za galimoto kawirikawiri ziri m'manja mwa mwamunayo. Cifukwa cace ambuya amene akulera mai asacite manyazi kumdzutsa usiku ndi kumuuza poyera kuti mwazi wacuruka. Iyenso, mimba ikafika mwezi wa 8, apatule ndarama za ulendo, napangane ndi mwini ngolo kapena galimoto nthawi ikalipo. Ndipo m'masabata 6 aja, m'mawa uli wonse akatha kufunsa za khanda, afunsenso ambuya kuti amace a mwana agona bwanji.