Lole isanagubuduzike: mawu kwa okwera kumbuyo

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simunagwirepo chiwongolero. Mwina wina akudzifunsa kuti nkhani ya madalaivala ikumukhudza bwanji iye wothyola tiyi ku Honde Valley, wosenza nthochi ku Burma Valley, kapena wochapa ndi kusita m'nyumba za ku Murambi. Ikukukhudzani chifukwa lole ikamagwa, dalaivala amakhala m'kanyumba kachitsulo, pomwe inu mumakhala kumbuyo, pamwamba pa matumba, popanda chogwira. Ndinu amene mumapakira katunduyo, ndinunso amene mumayenda pansi m'mphepete mwa msewu umene lolezo zimatsetserekamo.

Mzinda wa Mutare uli m'chigwa, ndipo galimoto yochokera ku Harare imalowamo potsika phiri la Christmas Pass, limene lidalandira dzinali chifukwa atsamunda adagona patsinde pake pa Khirisimasi ya 1890. Kum'mawa kuli chipata cha Forbes, kutsidya kwake Machipanda, ndi msewu wopita kudoko la Beira. Usana ndi usiku malole a mafuta, feteleza, miyala ya m'migodi ndi makontena amadutsa pakati pathu. Onjezani a mitengo ochokera ku Nyanga, Penhalonga ndi Chimanimani, ndi timalole ta m'mapulazi totenga antchito m'bandakucha. Misewu yathu ndi ya mitsetse ndi makona, ndipo nkhungu ya ku Vumba imatha kukubisirani ngakhale mphuno ya galimoto yanu.

Ndiyambe ndi chimene chimagwetsa lole, pakuti ambiri amangoti ndi tsoka. Amayi, inu mukuchidziwa kale chinthuchi kuposa ife abambo. Mukasenza ndowa yodzaza madzi, imakhazikika pamutu. Mukasenza yofika pakati, madzi amakhavukira uku ndi uku, khosi n'kumavutika, mwina n'chifukwa chake agogo athu ankaika masamba pamwamba pa madziwo. Mukasenza mtolo wautali wa nkhuni, simutembenuka mwadzidzidzi wina akakuitanani. Lole nayo ili chimodzimodzi. Kulemera kwake kukakwera m'mwamba, miyendo yake imakhala ngati yayandikana. Pokhota, katundu amafuna kupitirira kumene amalowera, matayala n'kumakokera kwina. Galimoto yaing'ono ikafika pamenepa nthawi zambiri imangoterereka, koma lole yodzaza imanyamula matayala a mbali imodzi n'kugona chammbali.

Mphamvu yokankhira kunja kwa konayi siikula mofanana ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Kona imene lole imadutsa bwinobwino pa makilomita 30 pa ola, pa 60 imaikankha kanayi kuposa poyamba. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amachepetsa liwiro asanalowe m'kona, osati ali kale m'katimo. Ndipo pa lole yokoka ngolo yaitali, ngoloyo ndi imene imayamba kudzuka, dalaivala kutsogolo asanamve kanthu. Akamazindikira poyang'ana pagalasi, zinthu zatha kale.

Ine ndidaphunzira zimenezi mochedwa. Ndidayendetsa lole ya pa pulazi ina zaka zambiri, ndipo dzina la pulaziyo ndilisunga. Tsiku lina m'dzinja tinkayenera kutenga feteleza ndi antchito kupita kumunda wakutali. Adali maulendo awiri, koma kapitawo adati dizilo wachepa, tiyende kamodzi. Matumba tidawasanja mpaka kupitirira mabodi a m'mbali, anthu n'kukwera pamwamba pake. Sindidathamange, abale anga; njinga ikadatha kundipitirira. Popatukira thirakitala imene inkabwera kutsogolo, tayala lakumanzere lidaponda dothi lonyowa la m'mphepete, dothilo n'kutitimira. Lole idapendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yofuna kugona. Anthu adatsetserekera mbali imodzi, matumba a makilogalamu 50 n'kuwatsatira. Palibe adafa, koma mayi wina amene tinkapemphera naye mpingo umodzi adathyoka chiuno, ndipo sadagwirenso khasu. Kapitawo adanena kuti wolakwa ndine. Sadaname kwenikweni, chifukwa ndidaona kutalika kwa katunduyo ndisanalize injini, koma ndidaopa kutsutsa.

Tsono inu opakira, mverani. Cholemera chikhale pansi, chopepuka pamwamba. Kulemera kugawanike mofanana kumanja ndi kumanzere; mukaima kumbuyo kwa lole n'kuona kuti yapendekera mbali imodzi, isanyamuke. Pasakhale mpata woti katundu aziyendamo, chifukwa katundu woyenda ndi woopsa kuposa wolemera. Mitengo imangidwe ndi matcheni kapena malamba olimba, zichiri za m'mbali zikhale zosapindika, ndipo mutayenda mtunda pang'ono muime n'kukunganso, pakuti katundu akagwedezeka amakhazikika, zomangira n'kukhwepa. Tenti wofunditsa pamwamba ndi woteteza mvula basi, sagwira katundu. Thanki ya madzi kapena ya mankhwala opopera yofika pakati ndi ndowa ija ndanena: iyendetsedwe modekha kuposa yodzaza.

Anthu nawonso ndi katundu woyenda. Anthu makumi atatu oimirira m'lole amapendamira limodzi pa kona iliyonse, ndipo wina akafuula kuti kuli ngozi, onse amathamangira mbali imodzi. Khalani pansi pa bodi, osati pamwamba pa matumba, osati pamphepete miyendo ili lendelende kunja. Makasu, zikwanje ndi migolo ya mankhwala zisayende pakati pa anthu. Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Achimwene, tikakana kukwera atidula tsiku." Ndibwerako kumeneko.

Za thirakitala ndinene mwachidule, ngakhale imapha anthu ambiri m'mapulazi mwakachetechete. Ngolo zambiri za thirakitala zilibe mabuleki akeake, choncho pamtsetse ngolo yodzaza imakankha thirakitala mpaka kuipinda. Zopondera mabuleki zake ziwiri zija zilumikizidwe pamodzi ikalowa mumsewu. Chokoka chikolekedwe pachitsulo chake chapansi, chifukwa mukamangirira m'mwamba thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada. Ndipo pamwamba pa matayala ake aakulu si pampando.

Tibwerere ku Christmas Pass, kumene malole aakulu amalephera kawirikawiri potsikira mumzinda. Mabuleki akapondedwa mosalekeza pamtsetse wautali amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Dalaivala amaponda, lole osamva, n'kukafika pa kona ili paliwiro limene singakhote nalo. Njira yake ndi yakale: sankhani giya yaing'ono musanayambe kutsika, injini igwire lole, mabuleki azingothandiza. Alipo madalaivala amene amachotsa giya pamtsetse kuti apulumutse dizilo. Mukakwera lole n'kumva injini yangoti zii pamene liwiro likukwera, dziwani kuti moyo wanu akuusinthanitsa ndi malita awiri a mafuta. Mukamva fungo la chinthu chopsa kuchokera kumatayala, kapena mpweya ukufwanthamuka mosalekeza pansi pa lole, menyani bodi kuti aime. Tayala lophwa mbali imodzi, sipiring'i yothyoka, dalaivala amene wagona mumzere wa pa Forbes masiku awiri osapuma bwino, zonsezi maso anu angathe kuziona musanakwere. Inu alongo amene mumakwera matola Loweruka kupita kukaona ana ku Odzi kapena ku Chipinge, yang'anani maso a dalaivala ndi kutalika kwa katundu musanafunse mtengo.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchinena mosapita m'mbali, ngakhale chimachititsa manyazi. Lole ikagwa, anthu amathamangirako ndi zigubu ndi matumba. Njala ndimaidziwa, sindikuweruza munthu. Koma mu Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, dera la anthu olankhula chinenero chathu, thanki ya petulo yopita ku Malawi idaphulika anthu ataizungulira kuti atunge mafuta, ndipo oposa 70 adafa. Mu Ogasiti 2019 ku Morogoro m'dziko la Tanzania, thanki ina idagubuduzika, anthu n'kukhamukirako, moto n'kupha oposa 60. Mpweya wa petulo umayenda pansi osaoneka, ndipo kamoto ka ndudu kapena kuthetheka kwa batire n'kokwanira. Uzani ana anu kuti akaona thanki yagwa athawire kumtunda ndi kumene mphepo ikuchokera. Ngakhale lole ya chimanga yogona chammbali imatha kutembenukanso, katundu wotsala n'kupsinja amene ali pansi.

Tsopano za ufulu wanu. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, pa gawo 65, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mawu ake ndi akuti munthu aliyense, osati nzika yokha. Malamulo omwewo pa gawo 6 amaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, choncho musachite manyazi kufotokoza dandaulo lanu m'chinenero cha makolo anu. Makolo athuwo adabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson kudzatsegula mapulazi ndi migodi ya dziko lino, ndipo ambiri adakwera malole ngati matumba moyo wawo wonse osafunsa. Ife tingathe kufunsa.

Wantchito wa pa pulazi akavulala pantchito, bungwe la NSSA lili ndi thumba la chipukutamisozi limene limalipira chithandizo cha kuchipatala ndi ndalama kwa wolumala kapena kwa banja la womwalira. Ndalama za thumba limeneli amasonkha ndi olemba ntchito, osati inu, ndipo ndi udindo wa bwana kukanena za ngoziyo ku NSSA. Apa ndi pamene ambiri amanyengedwa. Amauzidwa kuti, "Ndiwe waganyu, palibe chako," kapena amapatsidwa kandalama m'manja kuti nkhani ithere pakhomo. Musasaine pepala limene simunalimvetse. Pitani nokha ku ofesi ya NSSA muno mu Mutare, kapena kwa a GAPWUZ, bungwe loimira antchito a m'mapulazi ndi m'minda ikuluikulu, mukafunse ngati lipoti lidaperekedwa. Kwa inu ogwira ntchito za m'nyumba ndilibe nkhani yokoma: thumba la NSSA silinakuphatikizeni, ndipo kwa ine chimenechi ndi chosalungama. Chotsala kwa inu ndi inshuwalansi ya galimoto imene yachita ngoziyo, ndipo njira yake imayambira pa lipoti la apolisi. Bungwe lanu la ZDAWU lingakuthandizeni kudziwa poyambira.

Za kudulidwa tsiku zija, sindikunamizani kuti kukana n'kosavuta. Munthu mmodzi akakana kukwera, lole imanyamuka n'kumusiya, mawa dzina lake n'kusowa m'kaundula. Mutu umodzi susenza denga. Koma anthu makumi awiri akaima pansi n'kunena mwaulemu kuti, "Akapitawo, matumba apite kaye, ife tidikira ulendo wachiwiri," munda sungalimidwe popanda iwo. Nkhaniyi ikambidwe ku komiti ya antchito kusanagwe ngozi, ndipo ilembedwe, tsiku lake ndi amene adalipo. Musamuone dalaivala ngati mdani. Nthawi zambiri iyenso ndi wantchito wamantha monga ndidaliri ine, ndipo akamva kuti anthu ali kumbuyo kwake amapeza mphamvu yozimitsa injini.

Ngozi ikachitika, zimitsani injini ngati n'kotheka, letsani aliyense kusuta, ndipo tumani anthu awiri akaimitse magalimoto patali mbali zonse ziwiri, makamaka pa kona. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana musamunyamule ngati thumba, pokhapokha pali moto. Mayi ndamutchula uja tidamukoka ndi manja poganiza kuti tikumuthandiza, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati sitidawonjezere. Wotaya magazi mum'psinje pabalapo ndi nsalu yoyera. Wina alembe nambala ya lole, nthawi, malo, ndi mayina a amene adakwera, ndipo amene ali ndi foni ajambule katunduyo asanamuchotse, chifukwa pofika mawa matumba amakhala atachepa m'nkhani ya bwana. Ngakhale mukuona ngati simunavulale kwambiri, pitani kuchipatala, kaya ku Victoria Chitepo kaya ku kiliniki ya kwanuko, ndipo khadi lanu mulisunge pamodzi ndi chitupa.

Panjapa mnzathu wina watibwereka lole yake yaing'ono, matumba khumi a mchenga ndi malamba awiri. Tikamwa tiyi titulukire kumeneko. Ndikufuna amayi atatu ndi abambo atatu apakire monga amachitira kupulazi, kenaka tonse tiime kumbuyo kwake tione kumene yapendekera.