Adutse Ndani Poyamba? Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Chaka

Mwandipempha kuti ndifotokoze ntchito imene ndimagwira m'boma.

Nonsenu mukuudziŵa mzere wa malole pa msika wa fodya wa Chinkhoma nyengo yogulitsa ikafika. Mabelo ndi ochuluka, poloŵera m'pochepa. Intaneti ya mu ofesi ili chimodzimodzi. Waya ndi umodzi, koma pamadutsa malipiro a mu IFMIS, mafoni, makalata, ndiponso kanema wa YouTube wa munthu amene ntchito yamukola. Tikazisiya choncho, ndalama za mafuta a ambulansi yopita ku Chamama zimadikira kanema.

Makina oongolera zonsezi, otchedwa router, timawagaŵa tizitseko ta m'kati, ma subinterface, kalikonse ndi nambala yake ya VLAN. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Pobayira waya pamatha kunyamula 1,000 Mbps, pomwe ofesi mwina inagula 10 Mbps zokha. Router saona kuthinana kulikonse, choncho lamulo lakuti uyu ayambe siligwira ntchito. Mzere umakapangika kutali, ku kampani yogulitsa intaneti, kumene ife tilibe mawu.

Ndiye timayamba tachepetsa liŵiro, kuti tizitseko tonse pamodzi tisapitirire 10 Mbps, mzerewo upangike kwathu. Kenaka mawu a foni timawaika chizindikiro cha DSCP 46 kuti azitsogola, koma ndi malire, apo ayi angadye zonse. IFMIS timaisungira gawo lake losasuntha. Kanema uja amatola zotsala, ndipo mwini wake sachedwa kundiimbira foni kudandaula.